Msoko

Zaka makumi anayi ndapalasa makina awa
pakhonde la sitolo kuno kwa M'baluku,
ndipo chovala chikafika m'manja mwanga
ndimayamba ndachitembenuza.
Kunja kumanama.
Mkati ndi momwe telala amaulula zonse.

Sakina anakulira pansi pa tebulo ili,
akutola zidutswa, kuzisanja mitundumitundu.
Lero amavala khoti loyera lomwe sindinasoke ine,
mumzinda wozizira womwe dzina lake limandipinda lilime.
Amabwera kamodzi pa zaka ziwiri
ndi bokosi la ayezi ndi timabotolo,
nakwera kabaza wa mwana wa Che Ajibu
kulowera kumapiri a Chowe
kukatola, ndinene kodi,
tudzi ta anyani.

Anyani omwewo amene ndinkawagenda ndili mnyamata
m'munda wa amalume chimanga chikakhwima.
Fizi yonse ija. Mayunifolomu onse aja
ndinkasoka usiku pa nyali ya parafini.

Lachisanu titatuluka mumzikiti
Che Bwanali anandikoka mkanjo:
Twaibu, akuti mwana wako akuphunzitsa azungu
kuti agogo ako anali ndi mchira?
Ndinaseka ndi mano okha.

Usiku umenewo magetsi anazima, udzudzu ukuimba,
iye anayatsa foni pakati pathu.
Ababa, m'thupi mwanu muli ulusi
wopota pawiri, wa zilembo zinayi zokha,
wokulungidwa m'mipukutu.
Ife tili nayo iwiriiwiri ka makumi awiri ndi katatu.
Chimpanzi wa m'nkhalango za Kongo, makumi awiri ndi kanayi.
Winawo unapita kuti?

Ndinati mwina khoswe.

Sanaseke. Anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.
Mpukutu uliwonse uli ndi mpendero kumapeto
kuti usamasuke. Tsono onani wathu wachiwiriwu.
Ndinavala magalasi.
Mpendero unali pakati.

Ine munthu sangandiuze za mpendero.
Ukaupeza pakati pa nsalu
ndiye kuti zinali ziwiri,
zinakumana mutu ndi mutu,
msoko n'kugona pansi zaka zosawerengeka
mpaka wina atatembenuza malaya.

Si agogo anu, anatero. Musawayankhe choncho Che Bwanali.
Njira inali imodzi, inagawika
monga ya ku Namwera isiyanira ndi ya ku Malindi.
Anyani a ku Chowe anapatuka kale kwambiri,
chimpanzi dzulodzuloli,
ngati zaka mamiliyoni asanu ndi limodzi mungazitche dzulo.
Ine ntchito yanga ndi kuwerenga pomwe ulusi unasiyana.

Ndinafunsa: nanga anasoka ndani?
Anakhala chete. Tinamva lole ikuwoloka mlatho.
Zimenezo, ababa, makina anga sawerenga.

Sindinagone bwino.
Amati chibale ndi fupa, sichiola,
koma palibe anandiuza kutalika kwa fupalo.

Anabwerera Lolemba, bokosi lake pamiyendo,
wakuda ndi dzuwa, imvi zitatu pamwamba pa khutu.
Anandisiyira pepala lokhala ndi dzina lake pamwamba,
dzina langa kumbuyo kwa lake,
Chingerezi chothina ngati kolala ya mwana.
Lili m'dirowa, pamodzi ndi mabatani.

Mwezi wathawu, popita kumaliro ku Namwera,
minibasi inatentha injini paphiri.
Tinatsika. Pamwala panali nyani wamkazi
akupenda ubweya wa mwana wake
ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala,
mmene ine ndigwirira singano.
Anandiyang'ana. Ndinamuyang'ana.
Sindinamupatse moni, ndisaname.
Koma mwala umene phazi langa linaupeza lokha
ndinausiya pomwepo.

Che Bwanali sindinawayankhebe.
Dzulo abweretsa buluku long'ambika pabondo.
Ndalitembenuza.
Muli manja a atelala atatu m'menemo,
ndipo mmodzi wa iwo sindikumudziwa.